Tayala la Madzi la a Vovo Zefa

Tamanda, ika foniyo pansi. Iwe Yosefe, leka kugenda nkhuku, bwera ukhale apa pamthunzi. Ndakumvanitu m'mawa muja pa mpopi mukung'ung'udza kuti, "Ife ndiye akapolo a mbuzi za eni ake, tsiku ndi tsiku kutungira madzi m'tayala la agogo." Mumayesa makutu anga anafa? Anatha ndi mano okha, ana inu, makutu alipo. Agogo anu aakazi awo akunamizira kusankha nyemba, koma nawonso akumva, ndipo nkhaniyi ikuwakhudza. ANangozo, musandiyang'ane choncho, ndinena zoona zokhazokha.

Inu enanu munabadwira muno mu Tete, m'ng'anjo muno, kuzizira simukudziwa. Kwathu ku Tsangano mwezi wa Juni munthu umatuluka m'mawa mpweya ukufuka mkamwa, zala zitauma moti sungathe kumanga chingwe cha goli. Ine ndinali woyendetsa ngolo. Ng'ombe zanga zinali ziwiri, Bulaki ndi Sapato, ndipo ndinkanyamula mbatatesi ndi kabichi kupita nazo kumsewu. Sapato anali waulesi ngati Yosefe yemweyu, ukamuitana amayang'ana kumbali ngati sakukudziwa. Kumeneko mwana wakhanda timamufunditsa kwambiri. Chipewa chaubweya, juzi, masokosi, bulangete pamwamba, chifukwa mphepo ikamulowa m'chifuwa ndiye kuti maliro ali pafupi. Amayi athu anatilera choncho ndipo tinakula. Musaiwale zimenezi, kuti musaseke agogo anu nkhani ikafika pakati.

Ndiye kunabwera malasha. Abale inu, dziko lonse linatsetsereka kubwera kuno! Anyamata ankasiya khasu pakati pa mzere n'kukwera shapa, maminibasi aja. Bambo ako Tamanda, a Kalitosi, anapeza ntchito yothandiza pa malole ku Moatize, ndipo anandiitana kuti kuli malo a ugwarda, ulonda tinene, pa kintale ina, bwalo la mpanda losungiramo magalimoto. Ndinagulitsa Bulaki ndi Sapato, ndipo ndinalira, sindibisa. Nditafika ndinapeza mzinda wodzaza anthu a zilankhulo zonse, a ku Beira, a ku Maputo, a ku Zimbabwe, azungu ovala zipewa zolimba, Asilamu, Akatolika, a mipingo yoimba ndi zinkuzamawu. Malole pa mlatho ankandandalikana mpaka kumene maso salekeza. Nyumba ndiye kunalibe. Ine ndi a Kalitosi tinazungulira dera la Josina Machel lonse, tinabwera kuno ku Samora Machel, paliponse yankho linali limodzi: kwadzaza. Anthu ankasesa ngakhale khola la nkhuku n'kuikamo munthu wa ku migodi. Mayi wina wogulitsa malambe ndi amene anatimvera chisoni. Anati, "Tsikirani ku Nhartanda, mukafunse kwa Zefa wa mbuzi. Koma mukayankhe bwino mafunso ake."

Tinakapeza kamayi kakafupi, kouma ngati nkhuni, katakhala pansi mwendo wa mbuzi uli pamiyendo pake, kakuumanga ndi timitengo. Sanadzuke. Anati, "Muli tani?" m'Chinyungwe chawo, ndipo atamva mayankhidwe athu anatembenukira ku Chichewa. Ine ndinali nditakonzeka kufunsidwa za malipiro. Koma iwo anati, "Inu bambo, galu akakuberani nsomba mumatani?"

Ndinati, "Mayi, ine ndine wa ngolo. Ng'ombe ndinkaikalipira, koma kumaso sindinaimenyepo."

Anandiyang'ana m'manja nthawi yaitali, kenako anati, "Chipinda ndi icho. Chitseko chake chimafuna kunyamula pang'ono."

Kintale ya a Zefa, amene tonse tinkawatcha a Vovo, ndiko kuti agogo, ana inu, sinali nyumba ayi, chinali chipatala. Munali mbuzi zothyoka miyendo zogundidwa ndi malole, zimene eni ake ankati n'zongopha. Munali galu wa miyendo itatu dzina lake Pasiyensiya. Munali bulu wa zilonda kumsana amene wogulitsa makala wina anamusiya pamsewu, ndipo a Vovo ankamutsuka ndi madzi amchere uku akumulankhula ngati munthu. Pakhonde pankakhala a Sulemani, dalaivala wakale amene anafa mbali imodzi ya thupi, abale ake ali kutali ku Nampula. Sanali m'bale wawo, anangowapeza atagona kuseri kwa merikado, kumsika kuja. A Vovo anali Mkatolika wa korona m'khosi, koma akafuna kupha nkhuku ankaitana shehe kuti adzazinge, n'cholinga choti a Sulemani adye nawo mtima uli m'malo. Kunabwera munthu wa galimoto yonyezimira kufuna kintale yonse kuti amangemo zipinda za anthu a kampani. Iwo anangofunsa kuti, "Nanga awa akagona kuti?" akuloza bulu ndi a Sulemani pamodzi. A Sulemani anaseka mpaka kutsokomola.

Chichewa anachiphunzira ku Malawi. Nthawi ya nkhondo anathawa wapansi kudzera ku Zobue, mwana kumsana, ndipo anakhala zaka zambiri mumsasa wa othawa nkhondo. Kumeneko ankatungira madzi m'tenti ya odwala otsegula m'mimba, n'kumaona zimene anamwino ankachita. Mtendere utabwera anabwerera pa lole atafungatira kambuzi kamodzi kakakazi, ndipo mbuzi zonse za m'kintale muja zinali zidzukulu za kameneko. Za mwana uja sankanena. Ine ndinkangodziwa kuti anapita naye koma sanabwere naye.

Tsono titakhazikika tinaitana agogo anu ndi mayi ako Tamanda, Lusiya, iwe uli kamwana koyamba kumene kukhala pansi. Anafika mwezi wa Outubro. Mukuudziwa Outubro wa kuno, mwala umaotcha phazi kudutsa m'patapata, agalu amakumba pansi pa mtsuko. Ndiye tangoganizani, akutsika m'shapa, iwe uli m'chipewa chaubweya, juzi, masokosi, ndi bulangete lija la maluwa ofiira limene aNangozo anagula kuti mdzukulu wawo akalowe mumzinda mwaulemu.

A Vovo atangoona anati, "Takulandirani. Koma muvuleni mwanayo."

Agogo anu anaimirira njo! Anati, "Mayi, ine ndalera ana asanu ndi mmodzi, onse ali moyo. Mwana wakhanda savulidwa pamphepo."

"Mphepo yake iti?" anafunsa a Vovo. "Kuno mphepo imaotcha."

Agogo anu analowa m'chipinda n'kutseka zenera. Madzulo anandiuza kuti, "A Nkhoma, mayi woweta mbuzi asandiphunzitse kulera." ANangozo, ndanama? Onani, akusankha nyemba mwaukali tsopano.

Sipanapite masiku ambiri, iwe unayamba kutsegula m'mimba. Chipinda chathu chinali cha malata, masana munkatentha ngati mu uvuni wa buledi. Thupi lako linatentha, ndipo agogo anu anachita zimene aliyense wa kwathu akanachita, anaonjezera chofunda kuti utuluke thukuta. Kenako unayamba kukana bere. Kenako liwombo linalowa, pamutu panachita kadzenje. Agogo anu atakhudza anati, "Ndi liwombo ili. Mankhwala ake ali ndi achemwali anga kumudzi, opaka pamutu." Anatumiza uthenga kwa dalaivala wa shapa wa kwathu, ndipo iye anati abwera nawo mawa kapena mkuja. Tonse tinakhulupirira kuti chofunika n'kudikira mankhwalawo. Bambo ako anali kutsidya ku Moatize.

Tsiku limenelo ndinali nditaweruka ku ugwarda, ndagona pamphasa pansi pa msau, dzuwa lili pamutu. Ndinadzidzimuka ndi mawu a a Vovo. Anali ataima pa chingwe choyanikira zovala, akugwiragwira matewera.

"A Nkhoma, matewera awa ndi adzulo. Lero Lusiya sanachape?"

Ndinati, "Mwina mwana sanaonongere."

"Chiyambire m'mawa? Nanga kulira, mwamumva?"

Ndinati, "Wagona, mayi. Akupezako bwino."

"Kamwana ka mbuzi kakasiya kulira, sikuti kakhuta," anatero, ndipo anapita molunjika kuchipinda chathu. Sanaodire n'komwe. Ananyamula chitseko chija n'kulowa, ine pambuyo.

Munali mdima ndi fungo la thukuta. Iwe unali pamiyendo pa mayi ako, maso atalowa, otseguka pang'ono koma osaona kanthu. A Vovo anapisa dzanja m'bulangete, anatsina khungu la pamimba pako n'kulisiya. Khungulo linangoima choncho osabwerera. Anakutsegula kukamwa ndi chala n'kuyang'ana lilime, ndendende mmene ankachitira ndi mbuzi zake.

Agogo anu anakuwa, "Asa! Mdzukulu wanga si mbuzi ya pamsika! Chotsani dzanja!"

A Vovo sanakweze mawu. Anati, "Mana, mchemwali wanga, ludzu la mbuzi ndi la munthu ndi limodzi. Mwanayu madzi atha m'thupi, n'chifukwa chake pamutu palowa. Mankhwala anuwo akafika mawa adzapeza tikukumba."

"Mukutemberera mwana?"

"Wanga ndinamukwirira pansi pa mlambe, panjira ya ku Zobue. Liwombo lake linali ngati ili, ndipo mankhwala anali pamutu, ndinapaka ndekha. Ndinalibe wondiuza. Inu muli naye wokuuzani."

Ine ndinachita mantha amene sindinawaonepo ngakhale pa nkhondo. Lusiya anayang'ana mayi ake, anayang'ana ine. Mukudziwa mwambo wathu, mwana wamkazi wa mwana mmodzi satsutsa mayi ake pa za kulera, ndipo mayi ako anali wofatsa, wosayankha akulu chibadwire. Koma anatembenuka n'kunena motsitsa, "Amayi, mundikhululukire." Anachotsa bulangete. Anavula chipewa, tsitsi lako lili nyowee. Anavula juzi, anavula masokosi. Unatsala kamunthu kakang'ono, nthiti zikuoneka, ndipo ine ndinadabwa kuti m'mulu wonse uja munali kanthu kochepa chonchi.

Pamenepo a Vovo anasanduka msilikali. "A Nkhoma, tsegulani zenera, thamangani mukaitane chopela! Lusiya, nyowetsa nsalu ya kapulana iyi mumtsuko, umukulunge mopepuka." Iwo anatenga madzi owiritsa amene ankasunga nthawi zonse chifukwa cha a Sulemani, anathiramo shuga ndi kamchere pang'ono, n'kuyamba kukudonthezera pamilomo ndi supuni. A Sulemani anadzikoka kuchoka pakhonde mpaka pakhomo pathu, akukupiza ndi chikatoni ndi dzanja lawo limodzi lamoyo lija, uku akupemphera m'Chiarabu. Ine ndinathamanga opanda nsapato pa mchenga wa Outubro, ndipo matuza ake ndinawamva mawa lake.

M'chopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, tinapanikizana anayi. Agogo anu anangofumbata bulangete lopanda mwana njira yonse. Titayandikira chipatala ndinaona atambasula dzanja. Anati, "Bweretsani supuniyo, dzanja lanu latopa." A Vovo anawapatsa.

Anamwino atakuona sanatiike pamzere. Anakutenga n'kukuika soro, diripi ya madzi ija, pamkono, ndipo mmodzi anati tachita bwino kusadikira. Tinakhala pabenchi. Patapita nthawi unatsegula maso, Lusiya n'kuyamba kuthokoza Mulungu mokweza. A Vovo anati, "Usafulumire, mwanawe. Maso amanama. Udzasangalale akakodza."

Ndiye tinakhala, anthu akuluakulu anayi, kudikira mkodzo wa mwana ngati alimi odikira mvula. Tamanda, usabise nkhope, ndi mbiri yako imeneyi. Dzuwa litapendeka, agogo anu anapempha kuti akunyamuleko, soro ili pamkono. Anakukhazika pamiyendo, pa kapulana yawo yatsopano imene anasungira ulendo wa mumzinda. Mwadzidzidzi tinangomva, "Wakodza! Mayo ine, wakodza! A Zefa, taonani, wandinyowetsa!" Anaimirira pakati pa wodi akuonetsa aliyense kapulana yonyowa, misozi ili mbwee, akululutira. Anamwino anaseka, odwala anaseka. Ine ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa mtengo, poti mwamuna wachingoni salira pagulu.

Bambo ako anafika kutada kale, atachedwa pamzere wa malole pa mlatho mpaka anatsika n'kuwoloka wapansi. Mankhwala a liwombo anafika mkuja wake, atakulungidwa bwino m'pepala, ndipo anakupeza ukuyamwa ngati kamwana ka ng'ombe. Agogo anu anawalandira, anathokoza dalaivala mwaulemu, n'kuwaika pamwamba pa khoma. Bulangete la maluwa lija linathera m'khola, a Vovo ankafunditsa tiana ta mbuzi tobadwa mu Juni.

A Kalitosi anafuna kuthokoza. Anabwera ndi kapulana, a Vovo anaipereka kwa Lusiya. Anabwera ndi nkhuku, inadyedwa ndi tonse. Pomaliza anagwada n'kunena kuti, "Vovo, tchulani chinthu chimene mukufuna inuyo." Iwo anaganiza pang'ono, ndiye anati, "Kuntchito kwanu kuli matayala otha? Ndibweretsereni limodzi, mulidule pakati." Paja nthawi imeneyo anthu ankamanga mipanda paliponse, ndipo tinjira timene ziweto zinkatsikira ku Zambezi tinatsekeka. Mbuzi zinkangozungulira m'misewu malilime ali panja. Tayala lija analiika kunja kwa chipata, osati mkati, ndipo m'mawa uliwonse ankalidzaza. Pankamwa mbuzi za eni ake, agalu opanda mwini, abulu a makala, nkhunda. Pambali pake anaika mtsuko ndi kapu, wa anthu odutsa. Ndinawafunsa tsiku lina kuti, "Vovo, mbuzi zimenezi mukuzidziwa eni ake?" Anati, "Nanga inu ndinkakudziwani?"

Chimene chinandiseketsa ine ndi agogo anuwa. Munthu amene ankati woweta mbuzi asamuphunzitse, anasanduka mthunzi wa a Vovo. Ankapita limodzi kukathyola masamba a ziweto, limodzi kutsuka bulu, wina akulankhula Chinyungwe wina Chichewa, kukangana tsiku lonse ngati mitala. Ndipo aNangozo anayamba ntchito imene palibe anawalemba. Akamva kuti shapa ya ku Angónia, kumapiri kwathu kuja, yafika, ankapita pamalo otsikira, ndipo akaona mayi wa kwathu ali ndi mtolo wa mabulangete kumsana ankamuimitsa. "Mwana wanga, takulandira. Koma muvule mwanayo." Ena ankawanyoza. Iwo ankangoti, "Ndinyoze, nanenso ndinanyoza. Koma tiye tikhale pamthunzi ndikuuze za kapulana yanga." Ana angati a kumapiri amene akuyenda mu Tete muno chifukwa cha pakamwa pa agogo anu, adziwa ndi Mulungu.

A Sulemani anatsogola, ndipo a Vovo anaonetsetsa kuti aikidwa mwa Chisilamu, ndi anthu a kumzikiti. Kenako nawonso anayamba kufooka. Maso anachita khungu, miyendo inakana. Analibe mwana wowasamala, koma sanagone ndi njala ngakhale tsiku limodzi. Agogo anu ankawasambitsa, Lusiya ankawaphikira phala, ndipo iwe Tamanda, uli kamtsikana ka mano ogweluka, unkawagwira dzanja kuwaperekeza kuchipata kuti akagwire m'tayala ndi chala, amve ngati muli madzi. Ukukumbuka? Ankakutcha "kanga kovula". Masana otentha aNangozo ankanyowetsa kapulana n'kuwafunditsa, n'kumawamwetsa ndi supuni. Tsiku lina ndinamva a Vovo akuseka ndi mawu otha, akuti, "Mana, mwaphunzira." Agogo anu anati, "Khalani chete, mezani."

Anamwalira nthawi ya masau. Pa maliro pawo panadzaza anthu amene sitinkawadziwa, madalaivala, amayi a kumerikado, ogulitsa makala, a korona ndi a zikofiya atakhala benchi limodzi, aliyense ali ndi nkhani yake ya mmene mayi uja anamutolera. Kintale anaitenga mdzukulu wa mlongo wawo, munthu wabwino ndithu, ndipo mbuzi anazigawa kwa anthu amene ankadziwa kuti azisamala. Anatifunsa kuti titengepo chiyani cha chikumbutso. Ine ndisanatsegule pakamwa, agogo anu anali atagubuduza kale tayala. Titamanga kuno tinabwera nalo pa ngolo ya bulu, ndipo tinaliika kunja kwa chipata tisanaike n'chitseko chomwe.

Lero malole achepa, ambiri amene anabwerera malasha anapita kwawo, ndipo inu muli ndi mpopi pakhomo, madzi ongopotokola. Ife tinkasenza kuchokera kumtsinje, inu mukudandaula mtunda wochoka apa kufika apo! Koma sindikukalipirani, ana inu. Simunkadziwa, ndipo wosadziwa amafuna womuuza. Tsopano mwauzidwa.

Tamanda, taima ndikuone. Wamtali kuposa mayi ako, ndipo ukuti ukufuna kudzakhala namwino. Gwira pamutu pakopo. Pamenepo panali kadzenje kolowa chala changa ichi, ndipo mayi amene sanali m'bale wathu anayang'ana matewera a mwana wa eni ake pachingwe. Akanati za eni ake n'za eni ake, bwenzi pamphasa pano pali malo opanda munthu.

Mwaimva mbuzi ikulira kuchipatayo? Sindikuidziwa mwini wake. Yosefe, thamanga ukaone ngati m'tayala muli madzi. Iii, taonani, aNangozo, mtsikana wanu wanyamula kale ndowa. Dzaza mpaka m'milomo, mwana wanga, dzuwa la lero ndi lija lomwe.